Lachinayi la manifesito, mawa ndi voti

Kampeni yatsekedwa lero nthawi ya 10 koloko usiku, ndipo mawa ophunzira a pa yunivesite ino, imodzi mwa za mu Blantyre muno, asankha atsogoleri a bungwe lawo. Madzulo holo inadzaza ndi odzamvera manifesito a opikisana mpaka ena kukhala m'mawindo. M'mawa, pamene panali ntchito imene ingathe kugwetsa chisankho chonse, anthu anali owerengeka.

Ntchito yake inali yoona maina m'kaundula wa ovota, amene anamatidwa pa bolodi cha m'ma 8 koloko. Kaundulayu sachokera ku bungwe la ophunzira, amachokera ku ofesi ya Registrar, ndipo muli okhawo amene analembetsa semesita ino. Msampha uli pamenepo. Wophunzira amene akudikira ngongole ya fizi amachedwa kulembetsa, choncho ngakhale akulowa m'kalasi tsiku ndi tsiku, dzina lake silipezeka. Mapeto ake, amene nkhani ya fizi ikuwaluma kwambiri ndi omwenso angabwezedwe pamzere. Komishoni ya chisankho yochenjera imapempha mindandanda iwiri, wa olembetsa kale ndi wa amene sukulu ikudziwa kuti akudikira ngongole, n'kukhala pansi ndi opikisana onse kuti agwirizane ngati achiwiriwo avote kapena ayi. Chimene agwirizana achilembe, aliyense asaine. Lero anatero cha m'ma 11, ndipo agwirizana kuti avote bola asonyeze chiphaso cha sukulu. Nkhani yotere ikasiyidwa mpaka m'mawa wa tsiku lovota, wogonja amapeza pogwira.

Vuto lina ndi la maina olowa kawiri. Munthu akasintha maphunziro ake amatha kukhala ndi nambala yakale ndi yatsopano, zonse n'kupezeka m'kaundula. Komanso a Banda ndi a Phiri ofanana maina onse awiri ndi ambirimbiri, ndiye wochonga akamayang'ana dzina lokha amachonga munthu wolakwika, mwini wake pofika n'kuuzidwa kuti wavota kale. Pochonga ayang'ane nambala, dzina libwere pambuyo.

Masana komishoni inali kalikiliki ndi mapepala ovotera. Udindo uliwonse uli ndi pepala la mtundu wakewake: la pulezidenti loyera, la wachiwiri wake lachikasu, la mlembi wamkulu lobiriwira, la msungichuma lapinki, choncho mpaka mmunsi. Sikuti n'zokongoletsa ayi. Usiku powerenga, anthu atatopa, pepala limene lagwera m'bokosi la eni limaonekera patali. Nambala ya pepala ikhale pa kachidutswa kotsalira m'buku, isakhale pa pepala loponya m'bokosi, chifukwa ikakhala ponseponse munthu wofuna kudziwa kuti uje wavotera ndani akhoza kulondola. Mabuku onse anawerengedwa pamaso pa mamonita a opikisana, chiwerengero chinalembedwa, kenako anatsekeredwa m'chipinda cha maloko awiri. Kiyi wina ali ndi wapampando wa komishoni, wina ali ku ofesi ya Dean of Students.

Panabukanso ganizo loti chaka chamawa tizivota pa foni. Lili ndi ubwino wake, makamaka kwa amene ali kutali. Koma nambala ya wophunzira si chinsinsi, imamatidwa pa bolodi nthawi iliyonse zotsatira za mayeso zikatuluka. Popanda pasiwedi yogwira ntchito kamodzi kokha, yotumizidwa kwa mwini wake, mnzako akhoza kukuvotera iwe uli m'bafa. Ndipo amene wagwira kompyuta yosungira mavotiyo ndani, akumuyang'anira ndani? Mafunsowa ayankhidwe kaye.

Manifesito anayamba 6 koloko itadutsa. Aliyense anapatsidwa mphindi zisanu zolankhula ndi zitatu zoyankha mafunso, kupatula a upulezidenti amene anapatsidwa khumi. Mavuvuzela anadya pafupifupi theka la nthawiyo.

Zolonjeza zinali zomwe zija: intaneti yothamanga paliponse, madzi osaleka m'mahositelo, basi yonyamula okhala kunja, fizi kutsika, ndalama za ngongole kubwera msanga, laibulale kutsegula usiku wonse nthawi ya mayeso. Zonsezi n'zofunikadi. Koma womvera wanzeru akhale ndi funso limodzi m'thumba: akulu, chikalata cha zimene mukunenazi amasaina ndani? Yankho lake limagawa malonjezo onse patatu, ndipo opikisana ambiri usiku uno anawasakaniza dala.

Alipo amene bungwe la ophunzira lingachite lokha, ndi ndalama zake. Ndalamazi zimachokera kwenikweni ku kangachepe kamene wophunzira aliyense amalipira polembetsa. Tiyerekeze ophunzira 5,000, aliyense n'kupereka K5,000 pachaka: ndi K25 miliyoni basi. M'menemo muchoke za masewera, za zisangalalo, za maulendo a atsogoleri, za chipepeso wophunzira akamwalira, za chisankho chomwechi. Chotsala sichigula basi. Chingathe kugula matanki a madzi, kulipirira anzathu ochepa chakudya nthawi ya mayeso, kapena kukonza makina osindikizira kuti mtengo wa tsamba utsike. Mtsikana wina wopikisana pa usungichuma ndiye analankhula zogwira mtima pamenepa. Anati azimata lipoti la ndalama pa bolodi semesita iliyonse ikatha, pamodzi ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo cheke chilichonse azisaina anthu atatu, mmodzi wa iwo asakhale wa m'komiti. M'manja munaombedwa mwaulesi. Komatu mwa malonjezo onse a usiku uno, limeneli ndi limene mwini wake angalikwaniritse popanda kupempha munthu.

Ena ndi oti bungwe lingathe kungopempha ndi kukakamiza, osaina ali m'maofesi a sukulu. Maola a laibulale ali m'gulu limeneli. Kutsegula mpaka m'bandakucha kumafuna ogwira ntchito a usiku, alonda ndi mafuta a jenereta magetsi a ESCOM akazima, ndiye wolonjeza anene kuti akapempha masabata angati, ndipo ndalama yake ichokera m'thumba liti. Nkhani za kalendala, mayeso obwereza ndi malamulo ochotsera munthu sukulu ndi za seneti, gulu la akuluakulu loona za maphunziro pa yunivesite. Fizi imakhazikitsidwa ndi khonsolo ya yunivesite, kumene oimira ophunzira mawu awo amamveka koma mipando yawo ndi yochepa. Choncho wonena kuti atsitsa fizi akunama. Wonena kuti akalowa m'khonsolo ndi chiwerengero cha amene alephera kulembetsa chifukwa cha ndalama, n'kukapempha kuti anthu azilipira pang'onopang'ono komanso asaletsedwe kulemba mayeso, ameneyo akudziwa pamene mphamvu zake zalekezera.

Za madzi zimafuna kuzimvetsa. Madzi ambiri a mumzinda uno Blantyre Water Board imawapopa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, kukwera nawo mtunda wautali ndi makina oyendera magetsi. Magetsi akavuta kapena paipi yaikulu ikaphulika, mipopi imauma kaya pulezidenti wa ophunzira ndi ndani. Chimene chingatheke ndi kusunga. Thanki ya malita 5,000 pa hositelo ya anthu 200, aliyense akamatunga ndowa imodzi ya malita 20, imatha tsiku limodzi n'kutsala pang'ono. Wolonjeza madzi anene matanki angati, ayikidwa pati, choikapo chake amanga ndani, ndipo adzawatsuka ndani. Mwa atatu amene analonjeza madzi, mmodzi yekha ndiye anatchulako thanki.

Basi nayo. Okhala ku Chitawira, Naperi, Zingwangwa, Nkolokosa ndi Ndirande sali njira imodzi, ndipo onse amafuna kufika kalasi yoyamba isanayambe. Basi imodzi singazungulire konseko m'mamawa umodzi. Mnyamata wina wa chaka chachitatu anafunsa wolonjezayo kuti mafuta agula ndani, iye n'kuyankha kuti akapeza abwenzi akufuna kwabwino. Holo inaseka. Chothandiza kwa okhala kunja, chimenenso sichidya ndalama zambiri, ndi kaundula wa malandilodi: nyumba ili pati, lendi ndi zingati, chipinda mumagona angati, madzi ndi chimbudzi zilipo, dipoziti amabweza kapena ayi. A chaka choyamba ndi amene amaberedwa kwambiri chifukwa amalipira nyumba asanaione. Palibe anazitchula.

Gulu lachitatu ndi la zinthu zimene chiweruzo chake chili ku Lilongwe. Ngongole za ophunzira zimaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndipo ndalama zake zimadalira bajeti ya boma ndi zimene akale akubweza. Kukwera kwa mitengo nako n'kwa dziko lonse: kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa mbale ya nsima ku kafeteriya unakwera. Apa ntchito yeniyeni ya bungwe la ophunzira ndi yaing'ono koma yofunika: kukumbutsa anthu tsiku lotseka kufunsira ngongole, kuthandiza a chaka choyamba kudzaza mafomu molondola, kusonkhanitsa maina a amene akanidwa kuti akadandaule pamodzi, ndi kugwirizana ndi mabungwe a ophunzira a mayunivesite ena. Chichokereni 2021, pamene Polytechnic inakhala MUBAS ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ophunzira amene kale anali pansi pa University of Malawi imodzi tsopano ali ndi makhonsolo osiyana. Kuti mawu awo amveke ku likulu ayenera kuchita kufunana. Amene analonjeza kuti ndalama za ngongole zizilowa sabata yoyamba ya semesita akumbuke kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Mafunso atatha panatsala nkhani imene aliyense amaiona koma sainena pa maikolofoni. Ena mwa opikisana ali ndi matisheti osindikiza bwino, mabanala akuluakulu ndi zokuzira mawu za haya, zinthu zoti wophunzira wodalira ngongole sangazikwanitse. Ndalamazo zachokera kuti? Ndale za dziko ndi ophunzira sizinayambe lero kukumana. Mu Malichi 1992 ophunzira a ku Chancellor College anayenda pamsewu kugwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma. Ndipo muno mu Blantyre, pa 24 Seputembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pa kampasi, komishoni yofufuza n'kudzapeza mu 2012 kuti anachita kuphedwa. Wophunzira ali ndi ufulu wokonda chipani. Chovuta ndi pulezidenti amene wathandizidwa mobisa, chifukwa tsiku loti asankhe pakati pa ophunzira ndi omuthandizawo amakhala ali ndi ngongole yomwe ovota sakuidziwa. Malamulo a chisankho akanati aliyense azilemba zimene wawononga ndi kumene wazitenga, pepalalo n'kumatidwa pa bolodi pafupi ndi chithunzi chake.

Mawa kuvota kuyamba 7 koloko m'mawa n'kutseka 4 koloko madzulo, ndipo amene ali kale pamzere nthawi yotseka avota. Mamonita afike kusanache kuti aone mabokosi ali opanda kanthu asanatsekedwe, alembenso manambala a zomatira zake. Powerenga asathamangire kuona amene akutsogola. Ayambe ndi samu iyi: mapepala amene anaperekedwa m'mawa afanane ndi ogwiritsidwa ntchito, kuphatikiza owonongeka asanaponyedwe, kuphatikiza otsala. Kenako mapepala a m'bokosi afanane ndi maina ochongedwa m'kaundula. Zikasiyana, alembe kusiyanako pa fomu asanapitirire. Pepala limene munthu wachonga anthu awiri, kapena walembapo dzina lake, ndi lowonongeka. Limene chizindikiro chake chapitirira pang'ono mzere koma wosankhidwayo akuonekeratu, liwerengedwe. Pano wopambana ndi wopeza mavoti ambiri basi, lamulo loti munthu apose theka la mavoti limene linayamba kutsatidwa pa chisankho cha pulezidenti wa dziko mu 2020 silinalowe m'malamulo a bungweli, choncho pa anthu asanu munthu akhoza kupambana ambiri atavotera ena. Monita aliyense asaine fomu ya zotsatira ndi kuijambula pa foni isanatuluke m'chipinda, ndipo wodandaula alembe madandaulo ake pasanathe maola 24.

Za ophunzira amene ali ku maphunziro a pantchito kunja kwa mzinda, komishoni yati ilengeza m'mawa ngati alole kuti ofika mochedwa avote mpaka 6 koloko.