Ngongole ija inagwera mfumu

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya kukhululuka, ndipo chandithandiza ndi masamu a ku pulayimale. Ndikunena za fanizo la Yesu la pa Mateyu 18: mfumu inakhululukira kapolo wake ngongole ya matalente 10,000, koma kapoloyo anakana kukhululukira kapolo mnzake ngongole ya madinari 100. Ine ndinangotenga cholembera n'kuyamba kuchulukitsa. Pa ndalama za nthawi imeneyo, talente imodzi inali madinari pafupifupi 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu, monga aja analandira aganyu a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20. Ndiye kuti matalente 10,000 ndi madinari 60 miliyoni. Munthu wogwira ntchito masiku 300 pachaka angafunike zaka 200,000 kuti abweze. Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, analemba kuti dera lonse lolamulidwa ndi Arikelao, mwana wa mfumu Herode, kuphatikiza Yudeya, Samariya ndi Idumeya, linkamupatsa matalente 600 okha pachaka.

Nditaona chiwerengerocho, funso linabwera lokha: chuma chonsechi chinapita kuti? Mfumu itanena kuti yakhululuka, mosungira chuma chake munatsala dzenje. Ngongole ija siinasanduke mpweya. Inagwera mfumu. Apa ndiye panandimasula. Wokhululuka amavomera kusenza yekha chimene chatayika, m'malo mokachifinya pakhosi pa mnzake. N'chifukwa chake kukhululuka kumawawa, ndipo kuwawako sikutanthauza kuti munthu walephera kukhululuka.

Taonaninso kuti mfumu inayamba ndi kuwerengera. Mabuku anatsegulidwa, ndalama inatchulidwa. Ngakhale madinari 100 aja Yesu sanawatenge ngati fumbi, chifukwa ndi thukuta la miyezi itatu ndi kupitirira. Choncho uja amene amauza wolakwiridwa kuti "ingoiwalani, palibe kanthu" sakuyenda m'fanizoli. Kanthu kalipo, kali ndi mtengo wake, ndipo wokhululuka amaudziwa bwino mtengowo.

Kuchoka apa, kusabwezera ndi kudzichepetsa ndinaziona kuti ndi nkhani yomweyi. Kubwezera ndi kupita kukatolera ngongole ndi manja, monga kapolo uja anagwira mnzake pakhosi. Kudzichepetsa ndi kukumbukira kuti pa ngongole ziwiri zija, yanga ndi yaikuluyo. Nkhani ya Dirk Willems ndinali kuidziwa kale, koma tsopano ikundilowa mwina. M'chaka cha 1569 ku Asperen, m'dziko la Netherlands, Dirk anathawa m'ndende momwe anamutsekera chifukwa chobatizidwanso ali wamkulu. Anadutsa pa madzi oundana, madzi oundanawo n'kusweka, womuthamangitsa n'kugweramo pambuyo pake. Dirk anatembenuka, namutulutsa m'madzimo. Anamugwiranso pomwepo, ndipo pa 16 May chaka chomwecho anamutentha. Ankadziwa chimene chinali kumudikira akabwerera. Anawerengera, n'kubwerera.

Kunena zoona, njira yowerengera manambala imeneyi ndaikonda kwambiri moti ndikuona ngati theka la zovuta za m'mafanizo lingathe anthu atamawerenga Baibulo ali ndi kope ndi cholembera. Ukapeza dinari, chulukitsa. Ukapeza mtunda, yeza. Nambala imakukakamiza kuima pamalo amene maso akanangodutsa. Kwa ine yaposa mabuku ofotokozera onse amene ndawagwirapo.

Chondiwawa n'choti m'kalasi ya zaumulungu palibe amene anatiimitsa pamenepa. Tinatha nthawi yaitali pa Augustine ndi Thomas Aquinas, akatswiri akale a zaumulungu, kuloweza mfundo za nkhondo yolungama, zomwe sindikuzinyoza. Koma chivomerezo cha chikhulupiriro cha ku Schleitheim ku Switzerland cha 1527, momwe Michael Sattler ndi anzake, a gulu lobatizanso anthu akuluakulu, anakana lupanga, chinangolembedwa mzere umodzi pa bolodi n'kufufutidwa. Ukafunsa, yankho ndi loti nthawi yatha, mayeso ayandikira. Mayesowo amafuna utchule chaka ndi dzina, safunsa ngati ungathe kutembenuka pa madzi oundana aja. Aphunzitsi ena amaoneka kuti nkhani ya kusabwezera amaitenga ngati ya anthu ofatsa mwachibadwa, osati chiphunzitso choyenera kulimbana nacho.

Pali malo awiri pomwe masamu anga akukanika. Pa Mateyu 18 vesi 34 mfumu yomwe ija ikupereka kapolo kwa ozunza, ndipo sindinapeze njira yolumikizira zimenezi ndi dzenje lomwe inavomera poyamba. Kachiwiri, ndikaganiza za mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake, mawu akuti "senzani nokha chotayikacho" amandiopsa, chifukwa ozunza amawakonda mawu otere. Mwina yankho lili mwa akapolo ena aja pa vesi 31, amene anaona nkhanza napita kukanena. Mwinanso lili pa Yohane 18, pomwe Yesu atamenyedwa mbama sanabwezere koma anafunsa womumenya chifukwa chake. Ndiye kuti kukhululuka ndi kukanena zingayendere limodzi? Ndikuganiza kuti inde, koma malire ake ali pati, apa sindinafike.