Sabata imene tinakwirira zitsime ku Kanyama

Lolemba pa 8 Januwale 2024 ndi tsiku limene ana anayenera kubwerera kusukulu, koma boma linali litakankhira tsikulo pa 29 chifukwa cha kolera. Ndikufika kuntchito m'mawa, mvula ikuwaza, ndinapeza bambo wina wa ku Kanyama, komboni ya mumzinda wa Lusaka, atandidikira pakhonde. Tisanamalize n'kupatsana moni komwe anandifunsa kuti, "Kodi ameya akudikira chiyani? Anthu akutha kukomboni. Bwanji osalengeza kuti mzinda uli pangozi?"

Ine ndine woyendera zaumoyo, ndipo funso limeneli ndinalimva sabata yonseyo. Ndinawauza bambowo kuti mphamvu yotere ameya alibe. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia, ndime 30 ndi 31, amaipereka kwa Pulezidenti, monga mmene a Edgar Lungu anagwiritsira ntchito ndime 31 mu Julaye 2017 msika wa City Market utapsa. Zikakhala za chilala kapena madzi osefukira, pali lamulo la 2010 ndi ofesi yoona za ngozi zotere ya DMMU, imene ili pansi pa Wachiwiri kwa Pulezidenti. Ukakhala mliri, nduna ya zaumoyo ndi imene imasaina malamulo apadera. Khonsolo imalandira pepala losainidwa kale, ndipo ife timalitenga n'kulowa nalo m'matope. Bambowo anangopukusa mutu. Iwo ankakumbukira Januwale 2018, asilikali atadzaza m'misika ndipo ku Kanyama munthu sankaloledwa kuyenda usiku, ndiye kwa iwo boma likagwira ntchito limaoneka ndi yunifomu.

Lachiwiri tinatumidwa kukakwirira zitsime zosaya. Amene sanakhaleko ku Kanyama sangamvetse msanga vuto lake. Madzi a m'nthaka ali pafupi kwambiri, ndipo pansi pali thanthwe la laimu lodzaza ming'alu. Mvula ikagwa, za m'chimbudzi chokumba zimayenda m'ming'alumo n'kukatulukira m'chitsime, madziwo n'kumaoneka oyera mbee.

Pa nyumba ina tinapeza amai achikulire amene amachapira anthu zovala. Chitsime chawo anachivundikira ndi chitseko chakale, pakamwa pake atazunguliza tayala. Ndinayenda kuchoka pachimbudzi kufika pachitsimepo: mapazi asanu ndi awiri. Anyamata athu atayamba kutsitsa mafosholo, amaiwo sanakalipe. Anandigwira mkono n'kunena motsitsa mawu, "Mwanangu, kwirirani, sindikukana. Koma mawa m'mawa adzukulu anga akatunga kuti?"

Ndinawalozera thanki yatsopano imene inali itaimikidwa kumapeto kwa msewu, n'kuwauza kuti galimoto ya madzi ibwera kudzaidzaza Lachitatu. Ndinalankhula ndi mtima wonse, chifukwa nanenso ndinali nditauzidwa choncho.

Lachitatu galimotoyo sinabwere. Ndinaimba foni kangapo, apa akuti mafuta, apa akuti msewu wadzaza madzi. Tsiku lonselo ndinali kumsika, kutseka malo ophikira nsima amene analibe posambira m'manja, koma maganizo anali kwa amai aja.

Lachinayi ndinabwererako ndisanapite kwina kulikonse. Thanki inali gwaa. Kuseri kwa nyumba ndinaona zigubu ziwiri zodzaza, ndipo kamtsikana kanandiuza mosabisa kuti anatunga usiku kwa aneba, pachitsime chimene ife sitinachione. Kunena zoona mtima unandipweteka, chifukwa ndi dzanja langa ndinawachotsa pachitsime chodziwika n'kuwatumiza pa chobisika. Ndinatulutsa botolo la klorini, tinathira m'zigubumo, tinadikira mphindi 30. Kenaka ndinatunga pang'ono m'kabotolo koyezera, n'kuponyamo piritsi. Madzi akakhala ndi klorini wokwanira amasanduka apinki, ndipo timafuna kloriniyo afike 0.5, ndiko kuti theka la miligalamu pa lita imodzi ya madzi. Amaiwo anakweza kabotoloko kuyang'ana kuwala n'kufunsa ngati mtunduwo ndiwo mankhwala. Ndinati ayi amai, mtunduwo ndi mboni chabe kuti mankhwala alimo. Ananunkhiza madziwo, anakwinya nkhope, koma anamwa pamaso pa adzukulu awo.

Madzulo ake ndinaperekeza anzanga ku National Heroes Stadium, bwalo la mpira limene linali litasanduka chipatala cha kolera. Kunja kwa geti abale anali atakhala pansi ndi zitenje ndi mafulasiki, kudikira kumva ngati wawo ali moyo. Za maliro ndizo zimandivuta kwambiri pa ntchitoyi. Kuuza banja kuti thupi la mayi wawo silisambitsidwa kunyumba, kuti pamaliro pasaphikidwe chakudya, kuti kumanda kupite anthu ochepa, ndi mawu olemera pakamwa. Lamulolo ndi loyenera, chifukwa thupi la womwalira ndi kolera limapatsirabe matenda, ndipo ndimalitsata. Koma ndimayamba ndagwada n'kupepesa maliro, za lamulo pambuyo.

Lachisanu pa msonkhano wa m'mawa, pamene aliyense amapereka malipoti a dera lake, inenso ndinawerenga chiwerengero cha zitsime zimene tinakwirira. Nditamaliza ndinapempha kuwonjezera mawu. Ndinati chiwerengerocho chisatisangalatse, chifukwa pamene thanki ilibe madzi anthu akungosamukira pa zitsime zina. Ndinapempha kuti tisamakwirire chitsime tisanaone ndi maso athu madzi akutuluka pampopi wa thanki, ndiponso kuti acheyamani a m'deralo akhale ndi nambala ya woyendetsa galimoto. Akuluakulu ena anaona ngati ndikuchedwetsa ntchito. Abwana anga analemba m'buku mwawo, n'kunena kuti m'dera langa tiyese motero.

Galimoto ya madzi inafika Loweruka chakumasana. Si tsiku langa la ntchito, koma ndinakwera minibasi n'kupitako. Mzere wa zigubu ndi ndowa unali utafika pakantemba ka pakona. Ndinayeza madzi oyamba kutuluka pampopi, kabotolo kanafiira bwinobwino. Amai aja anali chapakati pamzere. Atandiona anandikodola, n'kundinong'oneza kuti chitsime cha aneba chija chili kuseri kwa mpanda wa malata, ndipo Lolemba ndibwere ndi anyamata a mafosholo.