Kufufuza mwini malo ku Angónia

Ndimagwira ntchito yothandiza loya mumzinda wa Tete, ndipo nthawi zambiri amandituma kukafufuza m'mabuku a malo munthu asanatulutse ndalama. Sabata yathayi kunabwera bambo wina wogula soya, akufuna kumanga nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi Ulongwe, tauni ya m'boma la Angónia. Wogulitsa anali atawapatsa declaração, kalata ya umboni ya chidindo chowala, iwo n'kumati zatheka basi.

Ndinayamba ndawauza zimene ambiri safuna kumva. Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya Boma, siigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limapereka DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Zimene munthu angagulitse ndi zomwe waikapo yekha, monga nyumba kapena chitsime.

Lolemba ndinalawirira ku ofesi ya Geografia e Cadastro, yoyeza malo ndi kusunga mapu ake. Fayilo inapezeka, ya chikuto chofiirira ndi fumbi, mapu atapindidwa mkati. Dzina linalidi la wogulitsayo, koma chilolezo chake cha DUAT chinali chongoyembekezera. Chimenechi kwa nzika sichipitirira zaka 5, kwa mlendo zaka 2, ndipo ukapanda kuchita zomwe unalonjeza pamalopo, akhoza kukulanda. Chake chinatha kalekale. Ndiponso mapu ankaonetsa malo ochepa kusiyana ndi amene anawalozera bambo aja. Ku Conservatória do Registo Predial, ofesi yolembetsa nyumba ndi malo, sindinachedweko, kunalibe kalikonse kolembedwa.

Pamenepa m'pamene anzathu ena amasokonezeka. Akaona kuti m'buku mulibe dzina, amalemba kuti malo alibe mwini. Ine zimenezo ndimakana. Lamulo lomwelija limalemekeza munthu wokhala pamalo mwamwambo wa makolo, komanso nzika imene yawagwiritsa ntchito mosaba kwa zaka 10, ngakhale ilibe pepala lililonse. Umboni wapakamwa wa anthu am'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umawerengedwa.

Choncho Lachitatu ndinakwera chapa, minibasi yakuno, kuwoloka Zambezi, kudutsa Moatize, mpaka kukwera mapiri ozizira a Angónia. Anyakwawa anandiperekeza kumalowo. Chigawo chimene sichinali pamapu chinali munda wa kachewere, mizere yake yoongoka bwino, malire ake ali mzere wa khonje wakale. Tinapeza mayi wachikulire akupalira, mwamuna wawo anamwalira.

"Amayi, munda uno munayamba liti kulima?"

"Mwana wanga, uno ndi wa amayi anga. Nkhondo itavuta tinathawira ku Dedza, itatha tinabwerera pomwe pano. Mango awo ndinawasiya ali aang'ono."

Nkhondo yapachiweniweni ija inatha mu 1992, ndiye werengani nokha zakazo. Akuluakulu amene anasonkhana pansi pa mangowo ananena zofanana, aliyense payekha. Ndinalemba mawu awo, ena anasaina, ena anadinda chala. Chinandipweteka mtima n'chakuti mayiwo sankadziwa n'komwe kuti munda wawo ukutsatsidwa kutauni.

Lachisanu ndinapereka lipoti kwa abwana, tinaitana bambo aja. Nkhope inagwa, poti anali atapereka kale ndalama yachikole. Tinawalangiza kuti aiitanitse, ndipo ngati akufunabe malo ku Ulongwe apemphe DUAT yawoyawo, anthu am'mudzi afunsidwe kaye monga lamulo linenera. Mayi aja ndawalembera kalata yopempha kuti munda wawo uyezedwe ndi kulembetsedwa m'dzina lawo, ndipo anyakwawa avomera kuwaperekeza kuboma sabata yamawa.