Zikomo anthu a ku fakitale, ndipo alimi anzanga tiyeni tisonkhe

Nyengo ya masamba ambiri a tiyi yatha, malipiro a mwezi wa Epulo alowa, ndipo ndati ndilembe mawu awa mtima ukadali wotentha. Thupi likuwawa paliponse, msana sindiumvanso. Koma ndikati ndiyambe ndapuma, ena mwa anthu amene ndikufuna kuwathokozawa akhala atamanga kale katundu kubwerera kwawo.

Za namondwe wa Freddy sindibwereza, nonse munalipo. Mvula ija ya pakati pa Malichi 2023, usiku ndi usana osakata, phiri likugubuduza miyala, Ruo atasefukira, milatho itapita. Agogo athu amene anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991 ankangogwira pakamwa. Pa 13 Malichi a Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, analengeza kuti kummwera kuno kwagwa ngozi, kenaka masiku 14 olira dziko lonse. Anthu oposa 1,000 anatisiya. Kuno ku Mulanje palibe banja limene silinakhale pa maliro kapena kusunga m'bale amene nyumba yake inagwa. Ambuye alandire mizimu yawo, ndipo atonthoze amene mpaka lero sanapeze thupi loti aike.

Koma tiyi sadikira maliro. Ife tikulira, iye ankaphukabe. Ndipo tinadziwa kuti chimanga chakokoloka, nandolo wagona m'matope, chotsala choti ana adyere chaka chino ndi masamba omwewa. Tinalowa m'munda misozi ili m'maso, dengu kumsana.

Abale a m'tauni amene mumangoponya tiyi m'kapu, mwina simudziwa chifukwa chimene ndikuthokozera chonchi. Ife alimi timangothyola, masamba awiri ndi kansonga, n'kupita nawo pa sikelo. Pamenepo ntchito yathu yatha, koma sanakhale ndalama. Tsamba la tiyi likakhalitsa m'thumba limatentha lokha, limafiira, ndipo lafiira lija ndi lotaya. Liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, aliyale m'mabedi aataliatali aja, mafani akupemerera usiku wonse kuti lifote. Kukacha lilowe m'makina odula, likhale kanthawi lisinthe mtundu, kenaka liumitsidwe ndi kutentha kochokera ku boyila. Boyila ikazima masamba odula kale ali panjira, zonse zawonongeka. Makilogalamu anayi kapena asanu a masamba athu ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi amene amakagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe, ndiye taganizani thukuta la mabanja angati limene limatayika makina akangoima tsiku limodzi.

Ndipo zifukwa zoti makina aime zinalipo zambiri. Magetsi kunalibe, chifukwa zinyalala ndi matope a mu Shire zinaimitsa makina a ku Nkula ndi ku Tedzani, Kapichira n'kuti atavulala kale ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Thirakitala sinkafika pa shedi yathu. Nkhuni za bulugamu zinali zitamwa madzi. Ogwira ntchito ambiri nyumba zawo zinali pansi ngati zathu zomwe. Akanati titseke kaye mpaka zinthu zikhale bwino, ndani akanawaimba mlandu?

Sanatseke. Anabwera, ena wapansi kuzungulira kutali chifukwa njira yachidule inali itaduka, ena atavala zovala zopatsidwa ku kampu. Zikomo amakanika amene munagona pafupi ndi jenereta. Zikomo oyendetsa thirakitala amene munkafika pamene msewu wathera n'kutidikira mpaka mdima, ife tikubwera ndi matumba pamutu. Zikomo akalaliki a pa sikelo, munalemba makilogalamu athu m'kope lonyowa osabera munthu ngakhale theka. Amayi a kosankha ndi kolongedza, alonda, osesa, zikomo.

Koma pali bambo mmodzi. Dzina sinditchula chifukwa sakonda kutamidwa pagulu, koma a ku fakitale nonse mwadziwa kale kuti ndikunena a bambo a ku boyila aja, amene tsitsi lawo layamba kuyera. Usiku wina masamba athu anafika mochedwa kwambiri, matumba akutentha ukawagwira. Ine ndinali nditataya kale mtima. Iwo shifiti yawo inali itatha, jekete ili paphewa akutuluka pa geti. Anagwira thumba limodzi, analowetsa mkono mpaka m'chigongono, anatulutsa masamba n'kuwanunkhiza. Sanayankhule zambiri, anangoti, "Mayi, sanafe awa." Anavula jekete, anaitana anyamata awiri, n'kuyamba kukhuthula ndi kumwaza masamba m'mabedi ndi manja awo, thumba ndi thumba, mpaka onse anapuma mphepo. Imeneyo si ntchito yawo. Palibe anawatuma.

Ndi bambo omwewo amene ankaunjika nkhuni zonyowa mozungulira boyila kuti ziziuma zinzake zikuyaka, akutembenuza chipika chimodzichimodzi. Manja awo ndinawaona, matuza okhaokha ndi mabala a moto, chala china atachimanga ndi kansalu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nthawi yonseyi nyumba yawo inali itagwa, amayi ndi ana akugona m'kalasi pa sukulu ya pulayimale. Iwo osatchula ngakhale kamodzi. Bambo, ngati mwana wanu akuwerengerani izi pa foni, dziwani kuti fizi ya ana anga teremu ino yadutsa m'manja mwanu. Mulungu amene amaona zam'seri akukumbukireni, akupatseni moyo wautali, adalitse ana anu ndi zidzukulu zanu.

Tsopano alimi anzanga a m'kalabu mwathu, ndi makalabu oyandikana nawo amene mwati mufuna kulowa nawo, nkhani ndi iyi. Zikomo wapakamwa tanena, koma tinagwirizana pa shedi kuti tichite kanthu kooneka, ndipo tichite pamodzi.

Maganizo anabwera ambiri. Achinyamata anati tisindikize malaya olembedwa dzina la kalabu. Ine ndinakana ndipo ndikukanabe, chifukwa malaya otere amatamanda wopereka, osati wolandira. Ena anati tiphe mbuzi tidye nawo limodzi. Ndi zabwino, koma phwando limatha tsiku lomwelo, ndipo a shifiti ya usiku, amene anavutika kuposa onse, adzakhala ali m'tulo kapena pa makina. Ena anati ndalama mu envelopu tipereke ku ofesi agawe okha. Sindikukayikira munthu, a ku ofesi atilandira bwino ndipo atilola kulowa pa geti tsikulo, tikuwathokoza. Koma ndalama ikafika pogawana imabala mafunso, wina ati ine ndine wamkulu pantchito, wina ati ine ndinagwira masiku ambiri, mphatso n'kusanduka mlandu.

Ndiye tamanga chimodzi. Munthu aliyense alandire chidebe chokhala ndi chivundikiro, m'kati mwake muli ufa, nyemba, shuga, mchere, sopo, botolo la mafuta ophikira ndi chitenje. Chidebe tasankha dala. Ziwiya za anthu ambiri zinapita ndi madzi, ndipo kolera amene anativutitsa kuyambira mu 2022 anatiphunzitsa kuti madzi akumwa ayenera kukhala ovundikira. Ufa ukatha chidebe chidzatsala pakhomo. Chitenje abambo mukapatse amayi kunyumba, nawonso anapirira, amuna awo akugona ku ntchito iwo ali ndi ana ku kampu.

Zonse zikhale zofanana. Kapitawo ndi wosesa alandire chimodzimodzi, chidebe chofanana, sopo wofanana. Pamenepa sindisuntha.

Ndipo mfundo yaikulu kuposa zonse si ine ndinaiganiza. Titapita kukawauza bambo a ku boyila aja kuti tikufuna kuwachitira kanthu paokha, anapukusa mutu. Anati ngati muli ndi kanthu, muyambire aganyu, chifukwa masamba akachepa ntchito yawo imatha ndipo palibe amawakumbukira. Zoonadi. Nyengo ya masamba ambiri imayamba cha mu Disembala mvula ikagwa, ndipo pamenepo fakitale imalemba anthu owonjezera. Ikafika Meyi amayamba kuwachotsa, ena abwerera ku Phalombe, ena ku Thyolo, ena kuwoloka Muloza kupita ku Mozambique. Anyamata amene ananyamula nkhuni zonyowa paphewa, amene anatsitsa matumba athu pa mvula, ambiri ndi omwewo. Tikachedwa mpaka Juni tidzapeza olembedwa ntchito yokhazikika okha, ndipo mphatso yathu idzaphonya eni ake enieni. N'chifukwa chake ndikukukakamizani chonchi, osati kuti sindikudziwa kuti m'matumba mwathu mwauma.

Chopereka tati membala aliyense apereke ndalama yofanana ndi makilogalamu 10 a masamba. Amene angathe kuposa apo, Mulungu amuonjezere. Amene nyumba yake inagwa kapena anaika maliro asapereke ndalama, ndipo wina asamuyang'ane ndi diso. Ngati akufuna kutengapo mbali abwere adzathandize kupeta nyemba, kuyeza ufa, kulongedza. Amayi a m'mudzi wa kumtunda alonjeza thobwa loti timwere limodzi popereka, ndipo pali bambo wina wati abweretsa nanazi za m'munda mwake zimene zinapulumuka. Zoterozo n'zolandiridwa.

Ndalama zonse zipite kwa msungichuma wathu, alembe m'kope pamaso panu, inu musayine. Ana athu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni amene mwafunsa, mutha kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, koma nambala sindiika pano. Funsani makolo anu akupatseni ya msungichuma, ndipo mukatumiza muimbe foni kutsimikiza, akuba a pa foni achuluka. Kogula kupite anthu atatu, osati mmodzi, abwere ndi malisiti, tidzawerenge pa shedi aliyense akumva.

Ndamva kuti pali ena akunena kuti anthu aja amalipidwa kale, tiwathokozerenji. Inde amalipidwa. Koma malipiro ake ndi a maola a ntchito, si a kuwoloka mtsinje wodzadza m'bandakucha, si a kuvula jekete shifiti itatha chifukwa cha masamba a mayi amene sukumudziwa n'komwe. Amene mukunena zimenezi, masamba anu anadutsa m'manja omwewo, ndipo malipiro munakalandira osabweza. Sitikukakamizani, koma musafooketse anzanu. Palinso ena amene masiku a matope aja mafoni awo sankagwira, lero njira zauma ayamba kufunsa kuti pa tsikulo adzayankhula ndani ndipo adzakhala pati. Mipando ya kutsogolo kulibe. Zojambulana munthu atanyamula chidebe ngati wopemphetsa sitikuzifunanso, tinaziona zokwanira ku makampu. Awa si anthu ovutika amene tikuwathandiza, ndi anthu amene anatithandiza ife.

Kupereka kudzachitika kawiri tsiku limodzi, m'mawa a usiku akamaweruka, ndi madzulo a masana akamatuluka, kuti pasapezeke wouzidwa kuti chako tinasungitsa kwa mnzako. Amene akudwala kapena wapita kale kwawo, kapitawo wake atiuze mudzi, tidzapeza womutengera. Mawu adzakhala ochepa: pemphero, mayi mmodzi wachikulire ayankhule m'malo mwa alimi tonse, basi. Anthu otopa sitiwaimika padzuwa.

Za bambo a ku boyila sindinagonje. Chidebe adzalandira monga anzawo, poti ndi mmene afunira. Koma nyumba yawo ikadali pansi, ndipo dzinja likubwerali silidzafunsa kuti anali munthu wabwino. Mvula yasiya, nthawi youmba njerwa ndi ino. Amuna a m'kalabu mwathu avomera kupita ndi zikombole, ife amayi titunga madzi ndi kuphika. Sitidzawapempha chilolezo kawiri, takambirana kale ndi amayi akunyumba kwawo ndipo atilozera pamene pali dothi labwino. Za malata tiona njerwa zikapsa, ndipo amene ali ndi mtima wothandiza pamenepo andipeze pandekha, zisasakanikirane ndi ndalama za zidebe. Bambo, mukhululuke, apa pokha sitikumverani.

Ndithokozenso atsogoleri a mipingo ndi a mzikiti amene mwalengeza nkhaniyi kwa anthu anu, ndi amfumu amene atibwereka bwalo losungirapo katundu. Ambuye akusungeni nonse.

Tikumana Loweruka lino pa shedi yathu, 2 koloko masana, ndipo chopereka chitsekedwa Loweruka linalo kuti Lolemba lake ogula anyamuke. Akapitawo a zigawo zonse, makamaka a usiku ndi a ku nkhuni, chonde tibweretsereni mayina olemba pa pepala. Ngakhale munthu amene anagwira sabata imodzi yokha m'mwezi wa Malichi, mulembeni.