Sabata imene mtengo wa I-130 unakwera

Lolemba pa 1 Epulo 2024, tsiku lotsatira Pasaka, ndinalawirira ku ofesi chifukwa cha macheke. Kuyambira tsiku limenelo fomu ya I-130, imene munthu amatumiza ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dziko, poitana wachibale kuti adzakhazikike ku America, inachoka pa madola 535 kufika pa 675 ukatumiza ya papepala, kapena 625 ukadzaza pa intaneti. Maenvulopu atatu anali atatsalira patebulo panga ali ndi macheke a mtengo wakale. Akanapita choncho akanabwezedwa. M'mawa wonse ndinali pafoni kupempha eni ake kuti abwere adzalembe ena.

Ndimathandizira loya wina wa nkhani za anthu olowa m'dziko kumpoto kwa Indiana, kufupi ndi South Bend, komwe kuli Amalawi ambiri ndithu. Ine si loya. Ndimasonkhanitsa mapepala, kudzaza mafomu, ndipo akabwera anthu akwathu ndimakhala pakati kumasulira.

Tsiku limene silichoka m'mutu mwanga ndi Lachiwiri. Kunabwera mayi ena aakulu, atangoweruka ku ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, yunifolomu idakali m'thupi. Anali atalumbira kukhala nzika ya America miyezi iwiri yapitayo. Anamasula chikwama cha pulasitiki n'kuyala patebulo malipoti akusukulu, malisiti otumizira ndalama omangidwa ndi labala, ndi chithunzi cha mnyamata wamtali ataima pafupi ndi nkhokwe.

"Mwana wanga uyu," anatero. "Ndikufuna abwere."

Ndinayamba kale kulemba, kenako ndinafunsa funso limene ndinaphunzira kusaliiwala: "Mayi, munabereka ndinu?"

Anandiyang'ana modabwa. "Anabereka ndi mng'ono wanga. Anatisiya mwanayu ali ndi zaka 4. Kuyambira pamenepo amayi ake ndine. Nanga inu simukudziwa zakwathu?"

Ndimazidziwa bwino lomwe. Kwathu mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, ndipo iye amakutchula kuti amayi popanda kuwonjezera kanthu. Koma banja la pa fomuyi ndi laling'ono. Nzika ikhoza kuitana mwamuna kapena mkazi wake, ana ake, ndipo ikakwanitsa zaka 21, makolo ake ndi abale obadwa nawo. Basi. Agogo mulibe, amalume mulibe, mwana wa mbale wako mulibenso. Mwana woleredwa amawerengedwa ngati anatengedwa mwalamulo asanakwanitse zaka 16, ndipo wakhala m'manja mwa womulerayo zaka ziwiri. Mnyamatayu anali ndi zaka 17, ndipo kukhoti sanapiteko. Anapitiranji? Pamaliro akuluakulu anakhala pansi n'kunena kuti mwana ndi wanu, nkhani n'kutha.

Loya anafotokoza m'Chingelezi pang'onopang'ono, ine n'kumanena m'Chichewa, ndipo mawu aliwonse ankandilemera pakamwa. Mayiwo sanalire. Anangobwezera malisiti m'chikwama limodzilimodzi. Ali pakhomo anatembenuka n'kuti, "Nanga nditangolemba kuti ndinabereka ndine?" Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti ayi. Aboma akakayikira amapempha kuyeza DNA, ndipo bodza lotere likadziwika likhoza kumutsekera mnyamatayo khomo moyo wake wonse. Ndimakhulupirira kuti kuwauza anthu zoona tsiku loyamba n'kuwalemekeza, ngakhale atuluke atakhumudwa nane.

Lachitatu kunabwera abambo ena ofuna kuitana achimwene awo. Apa lamulo limalola, koma mzere wake ndi wautali. Gulu la abale, lotchedwa F4, limapatsidwa ma visa 65,000 okha pachaka padziko lonse. Ndinawatsegulira Visa Bulletin ya mwezi umenewo, chikalata cha boma chosonyeza pamene mzere wafika, n'kuwalozera: amene ankalandira nthawi imeneyo anali oti anaperekera mapepala mu 2007. Anawerengera pazala, n'kuseka chapansipansi, n'kuti, "Lembani basi. Kuyenda pang'onopang'ono n'kufika ndithu." Tinalemba, chifukwa tsiku limene fomu yalandiridwa ndilo malo ako pamzere.

Madzulo ake ndinaimbira mayi ena amene ali ndi green card chabe, chilolezo chokhazikika m'dziko koma si nzika, ndipo anaitana mwana wawo wamkazi wa ku Blantyre. Ndinali nditamva kuti kumudzi akukonza chinkhoswe. Pa ana ake, wa green card amaloledwa kuitana osakwatiwa okha, ndipo mwanayo akakwatiwa mayi ake asanakhale nzika, pempho lonse limafa. Ndinawapempha kuti abwere alankhule ndi loya asanagule ngakhale nkhuku.

Lachinayi linatha ndi masamu a fomu ya I-864, imene woitanayo amalonjeza kuti adzasamalira wobwerayo. Malipiro ake ayenera kufika 125 peresenti ya mzere wa umphawi, ndipo chaka chimenecho banja la anthu 4 linkafunika madola 39,000. Mnyamata wina anaperewera pang'ono, choncho anabwera ndi mkulu wa mpingo wawo kuti asaine naye. Mkuluyo anali atatulutsa kale cholembera. Ndinamupempha kuti ayambe wamva kaye: lonjezoli silitha mpaka wobwerayo atakhala nzika, kapena atagwira ntchito pafupifupi zaka 10, kapena atachokeratu m'dziko, kapena atamwalira. Ngakhale ukwati wa woitana ndi woitanidwa utatha, lonjezo limatsala. Anatenga fomuyo kuti akakambirane ndi akazi awo, ndipo ndinakondwera nazo.

Lachisanu masana foni inalira. Anali mtsikana amene tinamuthandiza kuitana amayi ake. Makolo a nzika sadikira mzere wa Visa Bulletin, komabe zinatenga nthawi, makamaka chifukwa amayiwo analibe satifiketi yobadwira ndipo tinachita kufunafuna kalata ya ubatizo ku parishi. Tsikulo anali atachita intavyu ku Lilongwe, ndipo anawavomera. Mtsikanayo ankangofuula pafoni, ine n'kumangoti zikomo Ambuye.

Nditaika foniyo ndinaona kuti pansi pa kiyibodi pali pepala. Linali lipoti la Fomu 3 la mnyamata uja, limene mayi a Lachiwiri anaiwala. Masamu anakhoza bwino kwambiri. Ndinaliika mu envulopu, n'kuwaimbira kuti ndidzawapatsira Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.