Chonde mpukutu musamaudule abale

Dzulo usiku ndinatambasulanso mpukutu wanga uja pansi, ndinachita kusuntha kaye mipando poti ndi wautali kuposa chipinda chomwe, ndiye ndinangokhala pompo nkumawerenga mayina limodzilimodzi mpaka tulo tinabalalika. Kwa inu amene simukundidziwa bwino, ine ndimatolera zikwangwani zakale za mabasi a ku London, zija zosonyeza komwe basi ikulowera. Eni ake amati ma blind. Si chitsulo kapena thabwa ayi, ndi chinsalu chachitali chokulungidwa kumtunda ndi kumunsi kuseri kwa galasi, ndipo basi ikafika pothera ulendo munthu ankapukusa kachogwirira mpaka dzina la komwe akubwerera lionekere bwinobwino.

Chinandikoka poyamba ndi zilembo zake. Zoyera mbee pa nsalu yakuda bii, zopanda timaluwamaluwa, munthu uli patali mvula ikugwa koma umawerenga ndithu. Kalembedwe kameneka anakonza ndi Edward Johnston cha m'ma 1916, poyamba kanali ka sitima zapansi panthaka kenako kanadzafika pa mabasi. Mukapeza blind ya zilembo zing'onozing'ono tayang'anani kadontho ka pamwamba pa i, sikozungulira, kali ngati kadayamondi, ndipo O wake ndi wozungulira kwambiri. Ine ndikangoona zimenezi mtima umagunda.

Akale enieniwo ndi mapepala osindikizidwa amene ankawamata pa nsalu, moti ukayendetsa chala umamva pomwe pepala lina lathera lina layambira. Njira ya basi ikasintha sankataya mpukutu wonse, ankangoikapo chigamba cha dzina latsopano, nchifukwa chake pena umapeza dzina limodzi likuwala kuposa anzake onse. Pambuyo pake kunabwera a Tyvek, chinthu chapulasitiki chooneka ngati pepala, opepuka komanso osang'ambika wamba, ena a zilembo zachikasu chowala. Amenewonso ndili nawo awiri, koma kunena zoona samandigwira mtima ngati ansalu.

Tsono chimene chandilembetsa lero ndi ichi. Anthu ambiri ogulitsa akapeza mpukutu wathunthu amatenga sizasi nkuudula zidutswazidutswa, dzina lililonse mu felemu yake, chifukwa akudziwa kuti wina akufuna Oxford Circus yekha wopachika pakhoma, wina Piccadilly Circus, ndipo zidutswa zimawapindulira kuposa mpukutu umodzi. Ndikumvetsa, ndi bizinesi. Inenso choyamba kugula chinali chidutswa, sindinkadziwa kanthu nthawi imeneyo, ndipo mpaka pano ndikachiyang'ana ndimadzifunsa kuti pamwamba pake panali dzina lanji, pansi pake panali lanji, anzakewo ali kuti. Palibe angandiyankhe, amene anandigulitsayo anali ataiwala kale.

Mpukutu wathunthu umakamba nkhani yonse ya galaja imodzi. Galaja iliyonse inali ndi njira zake, ndiye blind inkanyamula malo onse omwe basi za pamenepo zikanathera ulendo, kuphatikizapo malo apakatikati pomwe basi ikachedwa kwambiri ankaibweza isanafike kumapeto. Mayina amenewo ndiye okoma kwambiri kwa ine, chifukwa palibe mlendo amawajambula, koma dalaiva ndi kondakitala ankawadziwa pamtima, ndipo okwera ankadandaula akawaona poti zikutanthauza kutsika panjira nkudikiranso ina. Wodula uja mayina oterewa amangowataya, akuti sayenda malonda.

Wanga wautaliwu ndi wa Routemaster ya ku galaja ya Brixton, chizindikiro chawo ndi BN. Basi zimenezi zinayamba kunyamula anthu mu 1956, zija zofiira zosanjikizana zokwerera kumbuyo kopanda chitseko, ndipo kutsogolo kunali ma blind atatu, wina wa nambala, wina wa malo odutsamo, wina wa kothera. Kupatula njira ziwiri zimene anazisiya ngati zachikumbutso, njira yomaliza kuyenda ndi Routemaster tsiku ndi tsiku inali nambala 159, yochoka ku Marble Arch kupita ku Streatham, ndipo zinatha pa 9 December 2005, basi yomaliza inakalowa pa Brixton pomwepo anthu atadzaza mumsewu. Ndiye ndikamapukusa mpukutuwu ndi manja nkufika pa Streatham ndimaima kaye. Pali banga la mafuta akuda m'mphepete mwake looneka ngati chala cha munthu, sindinalipukute ndipo sindidzalipukuta.

Ena amandifunsa kuti nanga chinthu chachitali chonchi uchipachika pati. Simuchita kupachika chonse. Ine ndinakhoma kabokosi ka matabwa kokhala ndi zopukusira ziwiri, dzina limodzi limaoneka sabata ino, sabata yamawa ndapukusa laoneka lina, ngati mmene zinkakhalira pa basi. Chachikulu chisakhale poomba dzuwa, makamaka achikasu aja amasuluka msanga zedi. Chinyezi nachonso ndi mdani, pepala limamatuka ndipo nsalu imachita nkhungu. Osapinda, muzikulunga. Osaika selotepi pong'ambika, pakapita zaka imasiya banga lofiirira losachoka, ndipo a Tyvek musawayandikize simbi amakwinyika nthawi yomweyo.

Mukadzakhala ndi mwayi wofika ku London Transport Museum ku Covent Garden, kapena depoti yawo ya ku Acton masiku amene amatsegulira anthu, mukaone mmene ma blind amakhalira pa basi yake yeniyeni, zimasiyana ndi kuona pa chithunzi. Ine panopa ndikusaka wa nambala ndi wa malo odutsamo a BN omwewo kuti atatuwa adzakhalenso pamodzi. Ngati wina ali nawo kapena waona pena pake akugulitsa asanaudule, ndiuzeni msanga chonde, ngakhale utakhala wothimbirira kapena wong'ambika m'mphepete ine ndiutenga.