Skimmer yanga ija yakhazikika tsopano, vuto linali kuya kwa madzi mu sampu

Papita masabata atatu chiikireni skimmer yatsopano, chida chochotsa zonyansa m'madzi, mu sampu, kathanki kapansi kosefera madzi a thanki yanga yamadzi amchere, ndipo ndi dzana lomweli pomwe ndinatsegula kabati nkupeza kapu yake yotolera zonyansa ili ndi zimadzi zakuda, zonunkha, zija munthu wosunga nsomba za m'nyanja yamchere amasangalala nazo akaziona. Ndati ndilembe mmene zinayendera poti ambiri tikamagula skimmer maso amangokhala pa dzina, kaya ndi Reef Octopus, Bubble Magus, Deltec kaya Tunze, koma malo omwe ikakhale musampumo sitiganizirako nkomwe mpaka bokosi lafika.

Kwa amene mwangoyamba kumene, skimmer ntchito yake ndiyosavuta kumvetsa. Pampu yake imakoka madzi ndi mpweya limodzi, mkati mwa pampumo muli kagudumu ka timisomali, timati needle wheel, kamene kamadula mpweyawo kukhala tithovu ting'onoting'ono kwambiri mpaka madzi amaoneka oyera mbee. Zonyansa zosungunuka m'madzi, zochokera ku ndowe za nsomba, mamina a makorali (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera) ndi zotsala zina, zambiri zake mbali imodzi imakonda madzi ina imathawa madzi, ndiye zimakakamira pakhungu la tithovu tija nkukwera nato mpaka pakhosi la skimmer kenako kugwera mukapu. Zimachoka zisanaole nkusanduka ammonia kenako nitrate. Ndipo mcherewo ndi umene umathandiza, mmadzi opanda mchere tithovu timaphatikana msanga nkukhala akuluakulu, nchifukwa chake skimmer simuiona kawirikawiri pa mathanki a nsomba za m'mitsinje.

Thanki yanga ndi ya malita 300, sampu ili pansi mukabati ndipo ili ndi zipinda zitatu zolekanitsidwa ndi magalasi. Choyamba ndi momwe madzi ochoka kumwamba amagwera, chachiwiri muli miyala, chachitatu ndi cha pampu yobweza madzi kumwamba. Chachitatucho ndichotakasuka kuposa zinazo ndiye ine tsiku loyamba ndinangoika skimmer momwemo, inalowa bwinobwino osakhudza galasi, ndinati basi zatheka.

Sizinatheke. Mmawa thovu limakhala pansi kwambiri osafika ndi pakhosi pomwe, ndikatseka vavu yotulutsira madzi mu skimmer pang'ono kuti likwere, madzulo ndikupeza kapu yadzadza madzi oyera, ndikhuthule, nditsegule vavu, mawa lake thovu lagwanso pansi, masiku anayi zikungoyenda choncho ndipo ndinayamba kukayikira pampu kuti mwina inabwera yowonongeka. Chomwe ndinachedwa kuchiona ndi ichi: madzi onse amene amauma mu thanki yonse amaonekera mchipinda chimodzi chokha, cha pampu yobweza ija. Zipinda zinazo madzi amaima pa msinkhu wa galasi lotchinga, sasintha, koma chomalizacho chimatsika tsiku lonse, ndiye ATO, chida chobwezera chokha madzi omwe auma, ikathira madzi a RO, osefedwa opanda mchere, chimakweranso. Kusintha kwake sikwambiri, mwina sentimita imodzi, koma skimmer imamva. Madzi akunja akakwera pampu sivutika kukankha ndipo madzi otuluka amapanikizika, ndiye mkati mwa skimmer msinkhu umakwera nawo, akatsika zonse zimatsika. Vavu ija ndimaipotokola ulele, chifukwa chomwe chimasintha sichinali mu skimmer.

Palinso china, madzi otuluka mu skimmer amakhala ndi tithovu totsalira, ndiye poti inali pafupi ndi pampu yobweza, tonseto timangopita kumwamba, thanki yonse mbuu ngati muli fumbi. Makorali ena anatseka tsiku lonse. Zinandiwawa kwambiri kuwaona choncho chifukwa analibe vuto lililonse ndisanayambe zimenezi.

Ndiye ndinaisamutsira mchipinda choyamba, komwe imayenera kukhala kuyambira pachiyambi. Kumeneko madzi ndi okhazikika, komanso ndi akuda kwambiri poti angochoka kumene pamwamba pa thanki pomwe mafuta ndi zonyansa zimasonkhana, ndipo akachoka apo amadutsa magalasi atatu otchinga, pamwamba, pansi, pamwambanso, tithovu timathera mnjira. Koma apa mpomwe tepi yoyezera inayamba kugwira ntchito imene ikanagwira ndisanagule.

Kabuku kobwera ndi skimmer yanga kakuti ikhale mmadzi akuya masentimita 18 mpaka 20. Ma skimmer ambiri a mu sampu amakhala cha mmenemu, pakati pa 15 ndi 23, koma musatengere nambala yanga, onani kabuku kanu. Ine galasi langa loyamba limasunga madzi pa 25. Kuya kumeneko ngakhale vavu nditaitsegula yonse skimmer imangosefukira, madzi mukapu phwii pasanathe mphindi. Kudula galasi sizikanatheka sampu ili ndi madzi kale ndiye njira inali yokweza skimmer. Ndinapanga katebulo ka masentimita 6 ndi pulasitiki ya timabokosi ija timati egg crate, kumanga ndi ma zip tie, osaikamo chitsulo chilichonse chifukwa mmadzi amchere chimachita dzimbiri msanga, ndipo copper kapena brass ndiye poizoni weniweni kwa makorali ndi nkhono. Ena amagwiritsa ntchito zidutswa za paipi ya PVC, zimathekanso, bola muboole kuti madzi asamaime mkati. Pamwamba pa katebuloko ndinayala kalabala ka silikoni kuti phokoso la pampu lisamalowe mugalasi.

Ndipo pamenepa chonde anzanga mvetserani, mukakweza skimmer mwachepetsa malo kumwamba. Kapu simaitulutsa chammbali, mumayamba mwaikweza kaye kuti ichoke pakhosi, ina mumachita kupotokola. Skimmer yanga ndiyotalika masentimita 50, kuphatikiza katebulo 56, denga la kabati lili pa 61 kuchokera pansi pa sampu, ndiye ndinatsala ndi 5 basi, kapu imafuna pafupifupi 3 kuti ichoke. Zinakwana koma paipi yotsitsa madzi imadutsa pamwamba penipeni pa chivindikiro, ndinachita kuidula nkuika ma elbow awiri kuti ipite chakukhoma, usiku wonse unathera pamenepo. Ndikanaisiya choncho ndikudziwa kapu bwenzi ndikutsuka kamodzi pamwezi, chifukwa chinthu chikakhala chovuta kuchotsa munthu umazengereza, ndipo khosi likadzadza matope thovu silikweranso bwino. Ndiye poyeza yezani zinthu zinayi musanagule, mulitali ndi mulifupi mwa chipinda kuphatikiza pomwe pampu ndi paipi yotulutsa zatulukira kunja kwa thupi la skimmer, kuya kwa madzi, malo akumwamba, komanso khomo la kabati lenileni ngati skimmer yonse ingatuluke tsiku lotsuka pampu.

Itakhala pamalo ake sinayambe kugwira ntchito pompopompo ayi. Skimmer yatsopano imakhala ndi timafuta tochokera kufakitale, pulasitiki yake ikadali yoterera, imafuna sabata imodzi kapena awiri kuti mkati mumere kakhungu kopyapyala ka tizilombo tosaoneka ndi maso nkukhazikika. Ndinali nditaiyendetsa kale maola angapo mu ndowa ya madzi osakaniza ndi viniga nkutsukuluza, zinathandiza koma sizinachotse kudikira. Masiku amenewo ndinatsegula vavu kuti thovu likhale mmunsi mwa khosi, kapaipi kotayira kapansi pa kapu ndinakalozetsa musampu momwemo kuti ikasefukira madzi asatayike, ndipo ndinadziletsa kugwira. Apa ndi povuta kwenikweni. Ukasintha vavu zotsatira zake siziwoneka nthawi yomweyo, umayenera kupotokola pang'ono kwambiri nkudikira ola kapena kupitirira, ine ndimasintha kamodzi madzulo nkuona mawa.

Muzadziwanso kuti imakwiya ndi zinthu zazing'ono. Kulowetsa dzanja mmadzi kapena kudyetsa nsomba thovu limagwa kwakanthawi chifukwa cha mafuta, limabwerera lokha. Epoxy yomatira miyala, filter sock (kathumba kosefera madzi) yatsopano yosatsuka ndi mankhwala ena zimachita zosiyana, skimmer imapenga nkusefukira, ndiye nthawi zoterozo ndi bwino kuithimitsa kaye kapena kuchotsa kapu.

Chinthu chomwe ndikufuna aliyense ayese asanatseke kabati ndi kuzimitsa pampu yobweza dala, uli pompo ukuona. Ikazima madzi a mmapaipi ndi apamwamba pa thanki amatsikira musampu, kwanga amakwera masentimita 7, kutanthauza kuti skimmer yomwe ndaivutikira kuiika pa 19 yapezeka pa 26. Magetsi akazima nkuyakanso zonse zimadzuka limodzi, pampu yobweza isanatsitse madzi skimmer yayamba kale kusefukira, zonyansa za sabata yonse kubwerera musampu kapena kutayikira mukabati pomwe pali mapulagi. Ndinaika ka timer kochedwetsa kuti skimmer iziyaka patatha mphindi 5, ndipo ndikamazimitsa pampu yobweza podyetsa, skimmer imazima nayo. Pachivindikiro cha kapu ndinaikanso float switch, kaswitchi koyandama, yoti kapu ikadzadza izimitse pampu. Mapulagi onse ndinawakweza mmwamba, waya aliyense amayamba watsika kenako nkukwera kuti dontho lisatsetsereke mpaka mu soketi, madzi amchere ndi magetsi sizocheza nazo.

Za thovu lonyowa ndi louma anthu amatsutsana kwambiri. Ine ndili pakatikati, chakuuma pang'ono. Mukamatulutsa lamadzimadzi kapu imadzadza msanga, ndipo zomwe mukutayazo ndi madzi amchere pomwe ATO ikubwezera opanda mchere, pang'onopang'ono mchere umatsika osadziwa. Masiku anayi oyamba aja ndikukhuthula kapu kawirikawiri, refractometer, chida choyezera mchere m'madzi, inachoka pa 1.026 kufika pa 1.025, sizoopsa koma zinandionetsa komwe zimapita ukapanda kuyeza. Louma kwambiri nalo limangomata pakhosi osafika mukapu.

Komanso musagule yaikulu mopyola poganiza kuti ndiye bwino. Khosi lalikulu limafuna zonyansa zambiri kuti thovu lidzadze nkukwera, thanki ya nsomba zochepa siingakwanitse, imagwira tsiku limodzi nkukhala chete masiku atatu. Yanga ndinasankha molingana ndi nsomba zomwe ndili nazo ndi zochepa zomwe ndikufuna kuwonjezera, osati nambala yaikulu yolembedwa pabokosi.

Pano mzere pomwe tithovu tating'ono timasanduka thovu lenileni uli mmunsi pang'ono mwa pomwe kapu imalumikizana ndi thupi, ndipo wakhala pomwepo masiku asanu osasuntha, vavu sindinaigwireko. pH yausiku, muyezo womwe umatsika asidi akachuluka m'madzi, nayo yakwerako pang'ono poti skimmer imalowetsa mpweya wambiri nkutulutsa carbon dioxide, ngakhale mawindo akakhala otseka tsiku lonse imatsikanso chifukwa mpweya womwe ikukoka ndi wa mnyumba momwemo. Kapu ndikutsuka masiku atatu alionse ndi madzi ofunda opanda sopo, ndipo Loweruka ndikufuna ndiyamwitse timadzi tofunda ta RO kudzera pa kapaipi ka mpweya, chifukwa ndayamba kumva kakulira mosiyana ndi kale, mchere ukuoneka kuti wayamba kuuma pa venturi, pomwe mpweya umakumana ndi madzi polowa mu pampu.